TSOKA LIMENE LINUNKHA: Kulondola Pfungo la Petulo m'Galimoto Yakale

 Nkhani yathu ya lero yacokera m'kalata ya mbale wathu wina wogwira nchito pa mgodi ku Mufulira, amene kwao ndi ku Petauke, m'dziko la Ansenga. Cherani khutu mumve zimene atiuza.

Atate ao anali ndi Land Rover ya caka ca 1969 imene anali kunyamulira nshawa ndi thonje pakati pa Petauke ndi Nyimba. Mkuluyo atamwalira, galimotoyo inakhala zaka 11 pansi pa mtengo wa mango, nkhuku ziri kuikira mazira pa mipando yace. Mbale wathuyu anakana kuigulitsa kwa ogula zitsulo. Caka ndi caka, popita kwao pa chuthi, ananyamula ziwiya pang'ono pang'ono, kufikira tsiku lina injini inalira ndipo mudzi wonse unasonkhana kudzaona. Koma cimwemwe cao ciri ndi banga. M'kati mwa galimoto munukha petulo, ndipo akazi ao akakwera, asanafike ndi pa mphambano ya ku Minga pomwe, mutu wayamba kale kuwawa. Makanika amene anawathandiza anati, "Bwana, motoka yakale ndi m'mene ikhalira, mutsegule mazenera cabe." Tsono iwo afunsa kuti, kodi mau amenewa ndi oona? Pakuti afuna kunyamula ana ao anai ndi amai ao okalamba.

Bambo, yankho lathu ndi lakuti iai. Makolo anati tsoka silinunkha, kutanthauza kuti coipa cifika osacenjeza munthu. Koma tsoka la petulo ndi lina, pakuti liyamba ndi kununkha, ndipo munthu amene amvera mphuno zace apulumuka. Lero tiphunzira kulondola pfungolo monga mlenje alondola mapazi a nyama, kufikira titapeza pamene licokera.

KODI GALIMOTO YAKALE SINUNKHA KONSE?

Tisamweruze msanga makanika uja, pakuti m'mau ace muli kambeu ka coonadi. Thanki ya petulo iyenera kupuma. Injini ikamamwa petulo, mpweya uyenera kulowa m'malo mwace; dzuwa likatentha, nthunzi iyenera kupeza poturukira. Magalimoto akale apumira pa kaboo ka pa cotsekera ca thanki, kapena pa kapaipi kakang'ono, ndipo nthunziyo ingopita m'mlengalenga. Kuyambira caka ca 1971 lamulo la ku America linafuna kuti magalimoto atsopano akhale ndi kabokosi ka makala okonzedwa mwapadera kogwira nthunzi imeneyi ndi kuibwezera ku injini, ndipo pambuyo pace maiko ena anatsatira. Ndico cifukwa cace galimoto ya masiku ano sinunkha, pamene yakale imveka kapfungo pang'ono mukaima pafupi ndi cotsekera masana a dzuwa, kapena mukatsegula boneti injini itangozima kumene.

Kapfungo kotere kamveka kunja, ndipo katha msanga. Koma pfungo limene limveka m'kati mwa galimoto, limene likulandirani m'mamawa, limene likakamira m'zobvala, kapena limene liwawitsa mutu, silicokera ku ukalamba wa galimoto. Licokera pa malo amene petulo ali kuturuka, ndipo malowo apezeka.

KHALIDWE LA PETULO

Munthu asanalimbane ndi mdani ayenera kudziwa khalidwe lace. Cimene ciyaka si madzi a petulo amene muwaona ndi maso, koma nthunzi yace. Dizilo aturutsa nthunzi yoyaka pokhapokha atatentha kupitirira madigiri 50, koma petulo aiturutsa ngakhale pozizira madigiri 40 pansi pa pamene madzi aundana. Motero kuno kwathu kulibe tsiku, ngakhale m'cisanu ca June, limene petulo sangayake.

Caciwiri, nthunziyi ilemera koposa mpweya katatu kapena kanai. Siikwera kumwamba monga utsi, koma iyenda pansi monga madzi, nitsikira m'maenje, m'ngalande, pansi pa mipando ndi poponda mapazi. Inu a ku migodi mudziwa bwino za mpweya woipa umene ubisala m'malo osapita mphepo, ndipo palibe mmodzi wa inu amene angaseke mnzace wocenjeza za umenewo. Mbaula imene iri kutali mapazi khumi ikhoza kuyatsa galimoto, cifukwa nthunzi ikwawa kufikira pa makala, ndipo moto ubwerera m'njira yomweyo mofulumira kwambiri.

Cacitatu, sipafunika petulo wambiri. Nthunzi iyaka pamene iri pakati pa magawo 1.4 ndi 7.6 mwa magawo 100 a mpweya. Kapu imodzi ya tiyi yodzala petulo, ikauma yonse m'galimoto yotseka mazenera, ikwanira kusandutsa mpweya wa m'katimo kukhala woyembekeza mbaliwali imodzi yokha. Mbaliwaliyo ikhoza kucokera ku ndudu, ku macesi, kapena ku waya wosupuka pansi pa mpando.

Abale athu a kutsidya kwa malire, m'cigawo ca Tete, sanaiwale za pa 17 November caka ca 2016, pamene galimoto yaikuru ya thanki yonyamula petulo inaphulika pa mudzi wa Caphiridzange, anthu atauzinga ndi zigubu zao. Anthu oposa 70 anafa, ambiri anapsa koopsa. Petulo wa m'Land Rover yanu ndi yemweyo. Asiyana kucuruka kokha.

Ndiponso m'petulo muli mankhwala ochedwa benzene, amene akapumidwa nthawi yaitari aononga mafuta a m'mafupa amene apanga magazi. Mutu wa mai uja uli kunena zoona, ndipo uyenera kumveredwa.

NJIRA IMENE PETULO AYENDA

Land Rover inayamba kupangidwa ku England m'caka ca 1948. Mtundu wa mbale wathuyu, wochedwa Series IIA, unaturuka mu 1961, ndipo unalowedwa m'malo ndi Series III mu 1971. M'galimoto yaifupi ya mtundu umenewu thanki iri pansi pa mpando wa ku dzanja lamanja, ndiye kuti woyendetsa akhala pamwamba penipeni pa magaloni 10, amene ndi malita 45. Pakati pa thanki ndi munthu pali cabe citsulo copyapyala ndi khushoni.

Petulo alowa pa kamwa la kunja, natsika m'paipi yaikuru ya mphira kufika m'thanki. Pamwamba pa thanki pali mabowo awiri otsekedwa ndi gasiketi: lina la kacipangizo koonetsa kucuruka kwa mafuta, lina la paipi yokokera. Kucokera pamenepo paipi yaing'ono iyenda m'mbali mwa cesisi kufika ku pampu imene iri pambali pa injini, yokhala ndi kabotolo kagalasi kosungira zinyalala. Pampu ikankha petulo kupita ku kabuleta, m'mene muli kambale kokhala ndi fuloti yoyandama. Petulo akadzala, fuloti ikwera nikankha kasingano kotseka njira. Magalimoto ena akale, monga Peugeot 404, Morris Minor, ndi ma Fiat amene analumikizidwa ku Livingstone kuyambira mu 1972, ali ndi ziwalo zomwezi, ngakhale ziri m'malo osiyana.

Gwirani mfundo iyi, pakuti idzatithandiza. Kucokera ku thanki kufika ku pampu petulo acita kukokedwa. Kucokera ku pampu kufika ku kabuleta acita kukankhidwa. Cotero bowo la pakati pa thanki ndi pampu kawiri kawiri lidontha galimoto itaima, ndipo injini ikamayenda limeza mpweya m'malo modontha. Bowo la pakati pa pampu ndi kabuleta lidontha injini iri kuyenda, ndipo ikazima liuma ndi kubisala. Pa injini ya Land Rover imeneyi kabuleta ikhala pamwamba pa mapaipi a ekizozi, ndipo dontho liri lonse la pamenepo ligwera pa citsulo ca moto.

MUSANAGWIRE SIPANALA

Kankhirani galimoto pabwalo popita mphepo, kutari ndi khichini, nkhokwe ndi denga la udzu. Gwirani nchito masana. Koloboi, kandulo, fodya ndi macesi zikhale kutari. Ngati mufuna kuunika, gwiritsani toci ya mabatire, ndipo muiyatse musanafike pa galimoto. Ikani pafupi ndowa ziwiri za mcenga wouma, ndi cozimira moto ca ufa ngati muli naco. Ana apite kukasewera kwina. Musanamasule paipi iri yonse, cotsani waya wa batire, kuyambira ndi uja wolumikizidwa ku citsulo ca galimoto, kuti sipanala ikakhudza citsulo isathethetse moto. Injini ikhale yozizira.

Dziwaninso kuti mphuno itopa. Munthu akakhala m'pfungo mphindi zowerengeka saimvanso, naganiza kuti latha. Cokani pamenepo kanthawi, kapena itanani munthu amene sanayandikeko tsiku limenelo, iye ndiye adzakuuzani zoona.

FUNSO LALIKURU: LINUNKHA LITI?

Anthu ambiri ayamba ndi kugula ziwiya zatsopano, nataya ndarama pa zinthu zimene zinalibe mlandu. Makanika wanzeru ayamba ndi kufunsa kuti pfungo limveka nthawi yanji, pakuti nthawi iri yonse iloza ku malo ace.

Nthawi yoyamba: mutangothira petulo. Ngati pfungo likula thanki ikadzala, nilicepa mafuta akafika pakati, bvuto liri kumwamba kwa thanki. Cotsani khushoni ndi citsulo ca pansi pace, muyang'ane gasiketi ziwiri zija. Kale zinapangidwa ndi khungwa lofewa la mtengo, ndipo galimoto ikakhala zaka popanda mafuta ziuma ndi kung'ambika. Yang'ananinso paipi yaikuru yothirira, kapaipi kopumira kamene kali pambali pace, ndi kamphira ka m'cotsekera. Mabvu akonda kumanga dothi m'kapaipi kopumira, ndipo makoswe atafuna mapaipi. Kumbukiraninso kuti petulo afufuma akatentha. Malita 45 othiridwa m'mamawa ozizira, akatenthedwa ndi madigiri 15, aonjezeka kupitirira theka la lita. M'mwezi wa October, pamene kutentha kwa ku cigwa ca Luangwa kufika madigiri 40, thanki yodzazidwa mpaka pakamwa idzasefukira yokha. Siyani mpata.

Nthawi yaciwiri: masiku onse, ngakhale galimoto yagona. Pamenepo yang'anani kunsi. Thanki yokhala yopanda kanthu icita thukuta m'kati usiku, madziwo akhala pansi, ndipo dzimbiri liboola timabowo tonga ta singano. Kunja nakonso matope a dzinja aunjikana pakati pa thanki ndi citsulo coichinjiriza ku miyala, nasunga cinyontho miyezi yambiri. Bowo lotere kawiri kawiri silidontha mpaka pansi. Petulo angonyowetsa pfumbi ndi kuuma, ndipo cizindikiro cace ndi banga lakuda la pfumbi lomata. Londolani paipi yonse ndi cala, makamaka pamene yagwidwa ndi tizitsulo, pakuti mseu wa mabampu uipekesa pamenepo.

Nthawi yacitatu: injini iri kuyenda. Tsegulani boneti muyang'ane kuyambira pa pampu kufika pa kabuleta. Pampu ya Land Rover iri ndi kagwiriro kopopera ndi dzanja; popani injini iri yozizira ndi yozima, ndipo mudzaona pamene panyowa popanda kuopa moto. Onani gasiketi ya kabotolo kagalasi. Kenaka solani kacitsulo koyesera oilo. Ngati oilo waonjezeka yekha, wasungunuka ngati madzi, ndipo anunkha petulo, ndiye kuti kacikopa ka m'kati mwa pampu kang'ambika ndipo petulo ali kutsikira m'mimba mwa injini. Musayende nayo, pakuti oilo wosungunuka sateteza zitsulo, ndipo injini imene mwaibvutikira zaka zambiri idzatha m'masabata owerengeka. Sinthani kacikopako ndi oilo yemwe.

Ngati kabuleta yanyowa, mlandu uli pa fuloti kapena kasingano. Taonani m'mene zinthu zilondolerana: thanki yokhalitsa ibala dzimbiri, dzimbiri liyenda ndi petulo, kambeu kamodzi kakhala pa kasingano, kasingano kalephera kutseka, ndipo kambale kasefukira. Cifukwa cace kutsuka kabuleta kokha osatsuka thanki kuli ngati kusesa m'nyumba citseko ciri cotsegukira kabvumvulu. Tsukani thanki, ikani sefa yatsopano pa paipi. Fuloti ya mkuwa muigwedeze pafupi ndi khutu. Mukamva madzi m'kati, yabooka ndipo imira. Amene anaika pampu ya magetsi m'malo mwa yakale acenjere, pakuti kabuleta ifuna mphamvu yocepa, ndipo pampu yokankha kwambiri igonjetsa kasingano. Eni ace a Morris Minor ali ndi mwai: pampu yao igogoda. Mukatsegula kiyi injini isanalire, iyenera kugogoda kangapo ndi kuleka. Ikapitiriza osaleka, mwina thanki yauma, mwina pampu iri kumeza mpweya, mwina petulo ali kutayika pena pace.

Nthawi yacinai: injini itangozima pambuyo pa ulendo. Mbali zina za petulo ziyamba kuwira pa madigiri 30 kapena 40 cabe. Mutakwera mapiri a pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Kacholola, ndi kuima pa Nyimba kugula nthoci, mphepo ileka kuomba pa injini, kutentha kwa ekizozi kukwera, ndipo petulo wa m'kambale awira. Mudzamva pfungo, ndipo injini idzabvuta kulira. Onani ngati cochinga kutentha ca pansi pa kabuleta ciripo, pakuti ena aciiwala pomanga. Onani kuti paipi siinayandikire ekizozi, ndi kuti fuloti siinaikidwe mokweza.

Nthawi yacisanu: galimoto iri kuthamanga. Pfungo lomveka pokhota kapena pa mabampu licokera ku cotsekera kapena pamwamba pa thanki, pamene petulo akhabvukira. Koma ngati kumbuyo kuturuka utsi wakuda, mapulagi ada ndi mwaye, ndipo mafuta atha msanga, ndiye kuti injini iri kulandira petulo woposa amene ingatenthe. Onani coki ngati ibwerera yonse, ndi sefa ya mpweya ngati siinatsekeke ndi pfumbi. Kabuleta ya Zenith, imene iri pa ma Land Rover ambiri a zaka zimenezo, idziwika ndi kupindika pamene zigawo zace ziwiri zikumana, ndi kutha kwa kamphete ka mphira ka m'kati mwace.

Pano tikucenjezeni kolimba. Utsi wa ekizozi uli ndi mpweya wochedwa carbon monoxide, umene ulibe pfungo konse, ndipo uyamba ndi kuwawitsa mutu ndi kugonetsa, kenaka upha. Galimoto ya msana wosongoka ngati bokosi ikoka utsi wace womwe kumbuyo, ndipo citseko ca kumbuyo cikakhala cosatseka bwino, kapena tenti yace ikapindidwa, utsiwo ulowa pamene pakhala ana. Kutsegula zenera limodzi la kutsogolo nthawi zina kuonjezera kukokako. Motero uphungu wakuti mutsegule mazenera cabe sucotsa bvuto. Konzani ekizozi yobooka, ndipo tsekani mabowo onse a pansi ndi a pakhoma la pakati pa injini ndi anthu.

UFA NDI PEPALA

Kuona maso a nkhono nkudekha. Petulo auma msanga, ndipo malo odontha akhoza kuoneka ouma pamene muyang'ana. Nayi njira yosalira ndarama. Tsukani thanki, mapaipi, pampu ndi kabuleta ndi madzi a sopo, ziume bwino. Pemphani amai a kunyumba ufa woyera wodzala dzanja, muwaze mopyapyala pa mfundo iri yonse. Yalani makatoni kapena manyuzipepala pansi pa galimoto, muisiye usiku wonse. M'mawa onani pamene ufa wasanduka mtundu kapena wamata. Popani ndi kagwiriro kaja, muonenso. Lizani injini mphindi zisanu, muizime, muonenso. Mukapeza mzere wonyowa, ulondoleni cokwera, pakuti madzi satsika kupita kumwamba. Pamene mzere uyambira ndi pamene pali bowo, osati pamene dontho ligwera.

Konzani cinthu cimodzi, muyese, musanakhudze cina. Mukasintha zinthu zisanu tsiku limodzi simudzadziwa cimene cinali ndi mlandu. Dziwaninso kuti khushoni ndi mphasa zimene zinamwa petulo zisunga pfungo masiku ambiri. Ziturutseni muziyanike pa dzuwa kutari ndi moto, kuti zisakunamizeni.

Thanki imene muikayikira muicotse, muikhuthule, muitsuke. Tsekani mabowo ace, mupope mpweya pang'ono ndi pampu ya njinga, kawiri kapena katatu kokha kuti isatupe, ndi kupaka madzi a sopo m'misoko. Pamene pacita thobvu ndi pomwepo.

ZA MAPAIPI A MPHIRA

Paipi ikhoza kuoneka yabwino kunja pamene yatha. Ipindeni ndi zala. Mukaona ting'alu, kapena yauma gwa, kapena yafewa ngati nsima ya dzulo, itayeni. Yokutidwa ndi nsaru ibisa ming'alu yace. Kwa galimoto imene inagona zaka 11 uphungu wathu ndi wakuti musinthe mapaipi onse a mphira, pakuti mtengo wao wonse sufika pa mtengo wa thayala limodzi.

Pali cinanso. Ku Malawi akhala ali kusakaniza petulo ndi ethanol, amene ndi kacasu wa nzimbe, kuyambira m'caka ca 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba nchito. Ku Zimbabwe nakonso asakaniza. Petulo wotere ayendetsa bwino galimoto, koma afewetsa mapaipi ndi magasiketi a mtundu wakale, ndipo akoka cinyontho cimene cidyetsa thanki dzimbiri. Inu amene muoloka pa Mwami kukaona abale ku Mchinji ndi ku Lilongwe mudzathira petulo ameneyu. Pogula paipi werengani zolembedwa pa msana pace. Yolembedwa SAE J30 R9 ipirira ethanol. Paipi ya madzi, kapena ija yoonekera m'kati ya pulasitiki wamba, siyenera petulo, pakuti iuma nisweka. Mangani ndi zomangira zace zenizeni, osati ndi waya wa mpanda.

ZIMENE SIMUYENERA KUCITA

Madalaivala akale a pa mseu wa Kum'mawa adziwa nzeru ya kupaka sopo wa mtanda pa thanki yobooka. Nzeruyi igwiradi nchito, cifukwa petulo sasungunula sopo. Koma madzi amsungunula, ndipo cithaphwi coyamba cidzamcotsa. Sopo ndi wokufikitsani ku galaja, si wokhala naye mwezi.

Musatseke thanki ndi cigamba kapena citsononkho. Musayendetse galimoto ndi cigubu coikidwa pa mpando kapena pa boneti, paipi iri kulowa m'kabuleta. Musanyamule cigubu ca petulo m'kati pamodzi ndi anthu.

Musaocherere thanki, ndipo musalole mnyamata wa pa msika kuiyandikiza ku moto wace. Anthu aganiza kuti thanki yopanda kanthu iribe ngozi, koma ndiyo yoopsa koposa. M'thanki yodzala nthunzi icuruka kupitirira muyeso uja wa 7.6, ndipo isowa mpweya woyakira. M'thanki yokhuthulidwa mpweya walowa, ndipo nthunzi yotsala m'misoko isakanizika nao pa muyeso woyenera kuphulika. Kutsuka ndi madzi kamodzi sikucotsa nthunziyo. Thanki yodyeka isinthidwe, kapena ipite kwa mmisiri amene ali ndi zipangizo za nchito imeneyo.

Musakoke petulo ndi pakamwa. Madontho ocepa olowa m'mapapu atupitsa cifuwa koopsa. Munthu akameza petulo musamsanzitse, pakuti posanza ndi pamene alowa m'mapapu. Thamangani naye ku cipatala.

Moto ukabuka, zimani kiyi, turutsani anthu onse poyamba, apite kutari. Musathire madzi, cifukwa petulo ayandama pa madzi ndipo moto uyenda nao. Musatsegule boneti yonse, pakuti mudzaupatsa mpweya; itukuleni pang'ono, mupopere cozimira pa mpatawo, kapena thirani mcenga ngati moto uli pansi. Ukakula, usiyeni. Galimoto igulidwa, munthu sagulidwa.

MAU OTSIRIZA KWA MBALE WATHU

Tsono Bambo a ku Mufulira, galimoto yanu sitinaione, koma monga mwa kalata yanu tikupemphani muyambe pansi pa mpando wanu womwe, pa magasiketi awiri ndi paipi yothirira, pakuti pfungo la m'kati mwa Land Rover yaifupi kawiri kawiri licokera pamenepo. Kenaka sinthani mapaipi onse, yesani oilo, onani kabuleta, ndipo mutsirize ndi ekizozi ndi citseko ca kumbuyo cifukwa ca mutu wa amai a kwanu.

Mukatha, yesani galimoto musananyamule banja. Thirani petulo wokwanira, mutenge mnzanu mmodzi wa mphuno zabwino ndi ndowa ya mcenga, muyende ulendo wa atate anu kucokera ku Petauke kufika ku Nyimba, makilomita ngati 70. Imani kawiri panjira, muzungulire galimoto, muyang'ane kunsi. Pa Nyimba zimani injini, mudikire mphindi khumi, mutsegule boneti. M'mawa mwace, musanalize injini, tsegulani citseko ndi kununkhiza poponda mapazi. Mukamva pfumbi ndi oilo wakale zokha, itanani ana ndi agogo ao akwere.

Mwacita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Makanika uja musamkwiyire. Mumuitane, mugwire naye nchitoyi, kuti iyenso akathandize ena a ku Sinda ndi ku Katete amene ali ndi magalimoto otere. Atate anu anasunga galimoto imeneyi kuti idyetse banja, ndipo inu mwaidzutsa kuti inyamule adzukulu ao. Mutilembere kutiuza pamene munalipeza bowolo.